Thupi likangokhala, mutu umayenda wokha

Awa ndi mawu amene mnzathu wina analankhula pa msonkhano wa kalabu kuno ku Chipoka, m'sabata yokumbukira umoyo wa m'maganizo, mu Okutobala 2022. Tawaika muno kuti amene simunabwere muwerenge.

Ndauzidwa kuti ndisatalikitse chifukwa dzuwa la mwezi uno silichitira munthu chisoni, ndiye ndikayamba kuzungulira, a wapampando mungondikodola.

Pa 10 Okutobala chaka chilichonse, dziko lonse lapansi limakumbukira za umoyo wa m'maganizo. Komiti inandipempha kuti ndinenepo za zimene mliri wa korona unachita m'mitu ya ophunzira, makamaka a ku yunivesite, komanso ngati kuthamanga, kusewera mpira ndi kuvina kuli ndi gawo lililonse pa nkhani imeneyi. Ine si dokotala ayi, ndipo pa geti la yunivesite sindinalowebe. Ndine mmodzi wa aja tinakhala pa desiki ya mayeso a Fomu 4 kawiri. Zimene ndinene pano zina ndinaziona ndi maso angawa, zina ndinawerenga, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mukamamva muziti chamumtima, aa, koma zimenezi n'zanga.

Tikumbutsane kaye masiku, chifukwa anthufe timaiwala msanga. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa, kuyambira ya mkaka mpaka yunivesite. Apo n'kuti wodwala korona asanapezeke n'komwe m'Malawi muno, poti oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Tonse tinkati ndi za masabata awiri kapena atatu basi. Masabata aja anasanduka miyezi. A makalasi a mayeso ndi a chaka chomaliza m'makoleji anabwerera pa 7 Sepitembala, otsalawo mu Okutobala. Ife a Fomu 4 tinayamba mayeso, koma mu Novembala, tili mkati molemba, tinamva kuti athetsedwa chifukwa mapepala anali atatuluka kale n'kumayenda m'mafoni. Tinakalembanso mu Januwale 2021, mwezi umene mliri unabweranso mwaukali, pamene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, pa 12. Sukulu zinatsekedwanso. Munthu unkangokhala osadziwa ngati uwerenge, ulime, kapena ungoiwala za sukuluyo.

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna tichione bwino, chifukwa ndi chimene chikusiyanitsa nkhani yathu ndi ya ku Ulaya kapena ku Joni. Kumeneko anthu onse anatsekeredwa m'nyumba, bwana ndi wantchito yemwe. Kuno boma linafuna kuchita chimodzimodzi kwa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo 2020, koma amalonda m'misika anadzuka kufunsa kuti adya chiyani, ndipo bwalo lalikulu la milandu linaletsa. Ndiye moyo unapitirira. Asodzi ankalowabe pa nyanja usiku ndi nyali zawo. Amayi athu ankayanikabe usipa pa thandala. A kabaza ankapalasabe, minibasi za pa M5 zinkayendabe, ndipo misonkhano ya kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni inkadzaza anthu osati masewera. Amene anaimitsidwa zenizeni, miyezi yoposa 5, anali ophunzira. Kukhala pansi pamene aliyense wakhala pansi n'kwina. Koma kukhala pansi wekha, m'mudzi monse anthu akudzuka m'mamawa kupita kokasaka ndalama, kumapweteka mwa mtundu wina, ndipo kumabwera ndi manyazi.

Kwa a ku yunivesite zinali zolemera kuposa ife a sekondale. Ine ndikasenza ndowa kupita ku mjigo palibe amene amadabwa. Koma taganizani mnyamata wa ku Chanco, ku Bunda, ku Poly, ku Mzuni kapena ku MUST, amene tsiku limene dzina lake linatuluka mudzi wonse unalulutira. Ameneyo akangogwira chingwe cha khoka pa gombe, kapena kubwereka njinga kuti achiteko kabaza, madzulo ake nkhani ili pa msika ponse: "Sukulu ija yathera pamenepa?" Ndipo tisanamizane, mawu amenewa amatuluka m'kamwa mwa ife tomwe. Ndiye ambiri anasankha kubisala m'nyumba kuti asunge ulemu, osadziwa kuti m'nyumbamo muli chinthu china chimene chikuwadikira.

Ku koleji munthu amayenda kwambiri koma sazindikira. Wochita lendi ku Chikanda ku Zomba amapita ku kalasi wapansi n'kubwerako wapansi, mwina kawiri pa tsiku. Pali masitepe okwera, kuthamangira ku laibulale, kampira ka madzulo, kwaya, SCOM, swala ya Lachisanu, kukangana za ndale pa khonde mpaka usiku. Pali nthawi yodzukira imene sunasankhe wekha. Zonsezi zinatha tsiku limodzi, ndipo m'malo mwake munalowa foni. Makoleji ena anayesa kuphunzitsa pa intaneti. Pa pepala zinali zabwino, koma bandulo ndi ndalama, netiweki ya kuno mukuidziwa, ndipo magetsi akathima foni nayo yathima. Munthu ali ku Chipoka akuona pa gulupu anzake a ku Area 47 ndi ku Namiwawa akutumiza ntchito yawo, iye fayilo yomweyo yakana kutseguka kuyambira m'mawa. Akatseka za sukuluzo, WhatsApp yadzaza ndi zithunzi za maliro ndi mphekesera za katemera. Tsiku lonse khosi lopindika, maso pa kagalasi, miyendo osagwira ntchito.

Ndili ndi msuweni wanga amene wandilola kuti ndinene nkhani yake, bola ndisatchule dzina kapena koleji yake. Anabwera mu Malichi muja ndi chikwama chimodzi, akuti ndibwerera pompano. Mwezi woyamba ankawerenga ndithu. Wachiwiri anayamba kugona masana, usiku n'kukhala maso. Wachitatu anasiya kudya nafe pa mphasa, nsima ankatengera kuchipinda, mbale n'kubwerako ili ndi theka. Ankadandaula mutu, kuphwanya m'thupi, mtima kugunda kwambiri. Anakamuyeza malungo kawiri konse, osapezeka. Azakhali anati ndi anthu a nsanje amene sakufuna kuti mwana amalize sukulu. Amalume anati ndi ulesi wa anthu ophunzira. Ena kumbali ankanong'onezana za chamba. Aliyense anali ndi yankho lake, koma funso lakuti "Kodi ukuganiza chiyani masiku ano?" silinabwere.

Chimene chinayamba kumusuntha chinali chaching'ono. Anali ndi mnzake wa ku pulaimale, amene analekera Sitandade 8, amene amakaoda usipa ku Ngodzi pa njinga n'kudzagulitsa kuno. Tsiku lina anangofika pakhomo n'kunena kuti, "Aise, uzindiperekeza m'mawa, ndikufuna wondiwerengera ndalama, akumandibera." Linali bodza limenelo, chifukwa munthu uja masamu a ndalama amawadziwa kuposa tonse tili pano. Koma msuweni wanga sakanakana kuthandiza mnzake, ndipo kuwerengera munthu ndalama si ntchito yochititsa manyazi wa ku yunivesite. Anayamba kunyamuka kusanache, wina kupalasa popita, wina pobwera. Patatha masabata angapo anayamba kugona usiku, poti thupi linali litatopadi. Njala inabwerera. Ndipo pa njinga paja, popeza anthu simuyang'anana m'maso, pakamwa panamasuka. Tsiku lina ananena kuti nthawi zina amaona ngati kuli bwino atangochoka padziko pano. Mnzake uja sanaseke, sanamulalikire, sanamuuze kuti alimbe mtima ngati mwamuna. Anamuuza kuti nkhani imeneyi sangaisunge yekha, anakawauza amayi ake, ndipo anapita naye ku chipatala komwe anakumana ndi namwino wa za maganizo. Analandira uphungu ndi mankhwala kwa miyezi ingapo. Panopa ali ku koleji, watsala pang'ono kumaliza.

Ndimveni bwino apa. Njinga sinamuchiritse. Chimene inachita ndi kumutulutsa m'chipinda, kumubwezera tulo, ndi kumuika pafupi ndi munthu woti angamve. Kuchipatala anamaliza zotsalazo. Koma popanda njinga ija sindikuona kuti akanafikako bwanji.

Nanga chimachitika n'chiyani m'thupimu? Munthu ukakhala ndi nkhawa, thupi limakonzeka ngati wakumana ndi ng'ona m'bango. Mtima umathamanga, minofu imakungika, mpweya umafupika, ndipo timadzi tina ta m'thupi, totchedwa adrenaline ndi cortisol, timachuluka m'magazi. Mphamvu imeneyo ndi yoti uthawire kapena umenyane. Koma fizi sungaithawe ndi miyendo, ndipo korona sungamumenye chibakera. Ndiye mphamvu ija imangozungulira m'thupi, n'kumatuluka ngati mutu, kusowa tulo, kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono. Ukayenda mwandawala, ukathamanga, ukavina mpaka thukuta, thupi limagwiritsa ntchito mphamvu ija ndipo pambuyo pake limakhazikika. Kuwala kwa dzuwa la m'mawa nakonso kumathandiza thupi kudziwa nthawi yodzuka ndi yogona. Ndipo uli pakati pa bwalo, mpira ukubwera, sungathe kumaganiza za mayeso amene anathetsedwa. Mutu umapumako pa nyimbo imodzimodzi ija imene wakhala ukuimba tsiku lonse.

Matenda okhumudwa alinso ndi msampha wake. Amayamba akuchotsera chilakolako chochita zinthu. Ukasiya kuchita zinthu, zokusangalatsa zimachepa, ndiye umakhumudwa kwambiri, ndiye umasiyanso zina. Ambirife timadikira kuti mtima ufune kaye ndipo tidzuke. Aphungu a za maganizo amaphunzitsa zosiyana: yamba wachita kanthu kakang'ono ngakhale sukufuna, mtima umatsatira pambuyo. N'chifukwa chake mnzako wodzagogoda pa chitseko ndi wofunika kuposa malangizo khumi a pa Facebook.

Si ife tokha zinatichitikira. Mu Malichi chaka chino bungwe la WHO linalengeza kuti m'chaka choyamba cha mliriwu, matenda a nkhawa ndi okhumudwa anakwera ndi 25 pa 100 alionse padziko lonse, ndipo okhudzidwa kwambiri anali achinyamata ndi amayi. Bungwe lomwelo limalangiza kuti munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo osafika zaka 18 azichita ola limodzi pa tsiku. Mphindi 150 zikumveka ngati zambiri, koma ndi mphindi 30 zokha masiku asanu pa sabata. Muyeso wake ndi wosavuta: uziyenda kapena kusewera mpaka pamene ukutha kulankhula koma kuimba kukukuvuta. Sizifuna jimu, sizifuna nsapato za mtengo wapatali.

Pano ndikuona atsikana anzanga mukumwetulira, ndipo ndikudziwa chimene mukuganiza. Mukuti, mphindi 150? Ife timazikwanitsa Lolemba lokha dzuwa lisanafike pamutu. N'zoona. Kutunga madzi, kusinja, kukatola nkhuni, kuchapa zovala za banja lonse ku nyanja, mwana wa achemwali ali kumsana. Nthawi ya korona ntchito zimenezi zinachita kuwirikiza, poti ankati uli pakhomo, ulibe chochita. Thupi linkagwira ntchito ndithu. Koma ine ndikukana kuti zimenezi n'zofanana ndi kusewera. Ntchito ya pakhomo sunaisankhe, nthawi zambiri umaigwira wekha, mothamanga, wina akukukalipira kuti wachedwa. Manja akuchapa, mutu uli pomwepo kuganiza. Pa bwalo la mpira wa manja pali kuseka, pali kukuwa, pali anzako okuitana dzina lako, pali kupambana ndi kugonja kumene mawa kwaiwalika. Ngakhale ofufuza aona kuti kulimbitsa thupi kumene munthu amachita pa nthawi yake yopuma ndiko kumathandiza kwambiri maganizo kusiyana ndi kuja kwa pa ntchito. Ndiye makolo athu, mwana wamkazi akapempha ola limodzi kuti akasewere, chonde musamuyankhe kuti walimbitsa kale thupi ku mjigo.

Ndipo tikudziwa zimene zinachitika atsikana atasowa kopita. Kafukufuku wa boma wa mu 2020 anapeza kuti m'miyezi imene sukulu zinali zotseka, atsikana oposa 40,000 anatenga mimba ndipo pafupifupi 13,000 analowa m'banja ali ana. Ena mwa iwo tinkakhala nawo desiki imodzi. Kuno kugombe, kumene ndalama za usipa zimayenda m'manja mwa anthu akuluakulu, sindikufunika kufotokoza zambiri. Sindikunena kuti mpira ukanawapulumutsa onse, chifukwa njala ndi njala. Koma mtsikana amene ali ndi timu ali ndi anthu khumi oti angazindikire kuti wayamba kusintha, ndipo ali ndi chifukwa chotulukira pakhomo chimene sichikuthera m'chipinda cha munthu.

Tsopano anyamata, ndilankhule nanu. Apolisi analengeza kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2019, anthu 116 anadzipha m'dziko muno, ndipo m'miyezi yomweyo mu 2020 anali 182. Ochuluka kwambiri anali amuna. Munakula mukuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo mwamvera bwino lomwe lamulo limenelo, mpaka ena tawaika m'manda asananene chimene chinkawadya. Mwayi umene muli nawo ndi wakuti mpira mumaukonda kale. Koma pali kusiyana pakati pa kusewera ndi kuonera. Chaka cha 2020 ngakhale ligi yaikulu inaima mpaka kumapeto kwa Novembala, ndipo ambiri munazolowera kukhala m'mashedi a kanema kuonera mpira wa ku England, kapepala kobetchera kali m'manja. Sindikudana ndi kuonera ayi. Usiku wa mu Januwale chaka chino pamene Gabadinho Mhango anagoletsa chigoli chija kuchokera kutali polimbana ndi Morocco, inenso ndinakuwa mpaka mawu kutha, ngakhale tinagonja 2-1. Koma kubetcha ndi nkhani ina. Munthu wakhala pa benchi maola anayi, mtima ukugunda ngati akuthamanga pamene miyendo ili phee, ndipo pamapeto ndalama ya sopo yapita. Akatuluka apo akukafuna kachasu kapena chamba kuti aiwale. Zimenezo zimagonetsa nkhawa usiku umodzi, m'mawa imadzuka yanenepa.

Ndikupemphaninso chinthu china, inu amene muli m'timu. Wa ku yunivesite akabwera pa holide n'kufika pa bwalo, mpira wake utachita dzimbiri, musamuseke kuti mabuku amulowa m'miyendo. Mupatseni malo, ngakhale kumbuyo. Ndipo inu achimwene ndi achemwali a m'makoleji, satifiketi sisungunuka ndi thukuta. Kukoka nawo khoka m'mawa umodzi sikuchotsa digiri.

Pali pamene masewera sakwanira, ndipo apa ndipempha kuti mafoni muike kaye pansi. Munthu akakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposa, zinthu zimene ankazikonda sizikumukomanso, tulo kapena kadyedwe kasintha, akudziona wopanda pake, amenewo akhoza kukhala matenda, ngati mmene alili malungo kapena shuga. Si ufiti, si ulesi, si kuchepa kwa chikhulupiriro. Kupemphera ndi kupita ku chipatala sizilimbana. Ndipo munthu akanena za kufa, akayamba kugawa zinthu zake, kapena kutsanzika modabwitsa, musamuuze kuti tiye tikathamange ziiwalika. Mufunseni molunjika ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizo amenewo m'mutu, koma kumamupatsa mpata wolankhula. Akavomera, musamusiye yekha, uzani wamkulu amene mumamukhulupirira, ndipo mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo. Yambirani pa chipatala chathu chaching'ono cha pano pa Chipoka, iwo akhoza kukutumizani ku chipatala cha boma ku Salima. Kuli St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Pa foni pali 116, nambala yaulere ya Tithandizane yothandiza ana ndi achinyamata. Zilembeni panopa, ngakhale mukuona ngati simudzazifuna. Ndipo nthabwala ija yoti "ameneyu ngwa ku Zomba" tiyeni tiisiye m'kalabu muno. Pamene tikuseka, pali wina pakati pathu amene akumva kuti nkhani yake asadzaitulutse.

Ku Zimbabwe kuli dokotala wina wa za maganizo, Dixon Chibanda, amene cha m'ma 2006 anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mumzinda wa Harare. Poona kuti madokotala a za maganizo ndi ochepa kwambiri, anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kuthandiza munthu kusanthula mavuto ake limodzilimodzi, atakhala pa benchi kunja kwa chipatala. Kumeneko vutoli amalitchula kuti kufungisisa, kumene m'Chichewa ndi kuja timati kuganiza kwambiri. Atayesa njirayi mwa sayansi anapeza kuti ikuthandizadi. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti agogo amenewo si anthu a madigiri. Ngati agogo anatha kuphunzira kumvetsera, ife tingalephere? Ndikupempha komiti kuti ikalankhule ndi alangizi a zaumoyo kapena anamwino a pa chipatala chathu, atiphunzitseko anthu anayi kapena asanu, anyamata ndi atsikana, mmene tingamvetserere mnzathu ndi nthawi yoyenera kumuperekeza kwa odziwa.

Za kasewereredwe kake sinditaya nthawi, poti kuno ndi kwanu. Mwezi uno kuthamanga masana ndi kudzifunira kukomoka, ndiye nthawi yabwino ndi m'mamawa, anzathu achisilamu akangotuluka ku swala, kapena madzulo dzuwa litapepa. Pa M5 magalimoto akuluakulu sapatsa munthu ulemu, ndi bwino kudutsa njira za m'midzi kapena pa mchenga wa kugombe, maso ali pansi chifukwa cha mbedza ndi magalasi osweka. Kusambira ndi kwabwino, koma m'malo a bango ndi udzu muli nkhono za likodzo, ndipo kumene mitsinje imathirira m'nyanja mukudziwa amene amakhalako. Chaka chinonso matenda a kolera afika m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndiye aliyense abwere ndi botolo lake la madzi owiritsa kapena othira mankhwala, osati kapu imodzi timu yonse. Amene mpira simuukonda, pali jingo, pali fulaye, pali chimtali, mganda ndi beni. Amene anavinapo beni kwa ola lathunthu akhoza kukuuzani ngati ali masewera a ana. Ndikudziwanso kuti chigwereni kwacha mu Meyi muja, pali makomo amene akudya kamodzi pa tsiku. Munthu amene sanadye sitimuuza kuti azungulire bwalo kakhumi. Abwere ayende nafe pang'onopang'ono, kapena angogwira wezulo, bola asakhale yekha m'nyumba.

Korona wachepa, masiki tinataya, koma nthawi yongokhala sinathe. Wolemba Fomu 4 amadikira zotsatira miyezi ingapo, akatero adikirenso kusankhidwa. Womaliza yunivesite amabwerera kuno ndi digiri n'kukhala chaka kapena ziwiri akulemba makalata ofunsira ntchito. Onsewo akukhala m'chipinda chomwe chija anakhala msuweni wanga, kungoti panopa palibe mliri woti tiuloze chala. Ena tikuwadziwa mayina, ndipo lero sanabwere.

Ndiye a wapampando, kupatula maphunziro ndatchula aja, ndabwera ndi mapempho awiri oti tikambirane lero lomwe tisanabalalike. Loyamba ndi la bwalo. Bwalo tili nalo ndi limodzi, ndipo anyamata mumalitenga kuyambira 3 koloko mpaka mdima, masiku onse. Atsikana tikupempha Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo, komanso kuti pa ndalama zimene timasonkha mwezi ndi mwezi, ulendo uno mugulidwe mpira wa manja, chifukwa umene tili nawo wasokedwa mpaka wasowa posoka. Ndamva kale ena akung'ung'udza kumbuyoko kuti timu ili ndi magemu. Masiku asanu otsalawo ndi anu, achimwene.

Lachiwiri ndi la kaundula. Mlembi amalemba amene abwera, ndipo ndi bwino. Ine ndikupempha kuti tiziwerenganso amene sanabwere. Munthu akasowa masabata awiri otsatizana, pasakhale zongomulembera pa gulupu kuti "uli kuti man", chifukwa wokhumudwa amayankha kuti ndili bho n'kutembenukira kukhoma. Anthu awiri apite kwawo ndi miyendo. Ndipo mukafika musayambe ndi kumufunsa mafunso ngati apolisi, kapena kumuuza pamaso pa makolo ake kuti tamva kuti ukudwala maganizo. Mupempheni kuti akuperekezeni penapake, kaya ku msika, kaya kudoko kukaona madzi mmene aphwera, kaya kukapopa mpira. Akakana, mubwererenso mawa lake. Zimene angakuuzeni m'njira si za pa gulupu, pokhapokha ngati moyo wake uli pa ngozi, apo ndiye mukauze wamkulu.

Loweruka likubwerali tikumana pa bwalo 5 koloko m'mawa, tiyenda limodzi mpaka kugombe n'kubwerera dzuwa lisanakwiye. Si mpikisano, ndipo wovala chitenje, hijabu kapena masilipasi asaope. Aliyense abwere ndi munthu mmodzi amene sanamuone pa bwalo kwa nthawi yaitali. Amene ali ndi pampu ya njinga atenge, ndipo mlembi akhala pakhomo apo ndi pepala la amene akufuna kulowa nawo maphunziro omvetsera aja.